Ndinayalutsa Mkazi Wanga Chifukwa cha Mabuleki

1

Ntchito yanga ndi yoyeza anthu maso ndi kuwagulitsa magalasi. Theka la tauni ya Adenau limaona bwino chifukwa cha ine. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa mukafika kumapeto mudzandiseka nayo, ndipo sindidzakuletsani.

Dzina langa ndine Ottmar. Mkazi wanga ndi Heidrun, mzamba woyendera amayi oyembekezera m'midzi ya m'mapiri muno. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo ndinakaombetsa kagalimoto kanga kabuluu, kamipando iwiri, pampanda wachitsulo wa mu Ring, msewu wa mpikisano uja umazungulira m'nkhalango kuseri kwa nyumba zathu. Ndinathyoka nthiti zitatu. Heidrun anabwera kuchipatala, sanalire, anangokhala pambali pa bedi n'kumasenda apulo.

"Ottmar, tamvera," anatero. "Galimotoyo akaikonza uziyendera kutchalitchi ndi kokadya keke Lamlungu. Tsiku lomwe udzailowetsenso mu Ring, ine ndidzalongedza zanga. Sindikukuopseza, ndikungokuuza."

Ndinalumbira. Munthu wothyoka nthiti amalumbira chilichonse. Koma ndinkadziwa kuti mkazi ameneyu sabwereza mawu. Anakhalapo zaka zisanu ndi chimodzi osapatsa moni neba chifukwa cha mpanda wa maluwa.

Lumbirolo ndinalisunga zaka khumi, ndipo ndikupempha kuti wina andiyamikeko. Chilimwe chilichonse mainjini amalira kuchokera m'nkhalango mpaka kukhitchini kwathu. Zinali ngati chidakwa chosiya mowa chikuchita lendi kuseri kwa bala.

2

Mu Epulo chaka chatha ndinagonja. Ndinapita kwa Jupp, makaniko wathu, mnzanga wa kusukulu, kamunthu kakafupi kadazi komwe sikaseka nthabwala za anthu ena.

"Ndikufuna mabuleki abwinoko," ndinatero.

"Opitira kutchalitchi?"

"Msewu wakutchalitchi ndi wotsetsereka."

"Watsetsereka zaka mazana atatu, Ottmar. Heidrun akudziwa?"

"Kodi ndiwe makaniko kapena wansembe?"

Jupp anapukuta manja n'kundiuza zomwe ndinkazidziwa kale. Mabuleki a mumsewu wamba, ukazungulira nawo Ring kawiri, amapsa. Mafuta ake amawira, phazi limangolowa mpaka pansi, ndipo umafika pakona ukupemphera. Anandiikira madisiki akuluakulu a mabuleki, mapadi a mpikisano ofinya madisikiwo, mafuta osawira msanga ndi mapaipi okutidwa ndi waya. Zonsezi tinakalembetsa bwinobwino kwa oyeza magalimoto, chidindo n'kudinda. Ife kuno mkazi tikhoza kumunamiza, koma ofesi ayi.

Pomaliza anatenga kaburashi n'kupaka timizere titatu ta penti m'mphepete mwa disiki yakutsogolo: kobiriwira, kachikasu ndi kofiira.

"Timeneti timayera ndi kutentha," anatero. "Kobiriwira kakayera, mabuleki angofunda. Kachikasu kakayera, wayamba kuyendetsa. Kofiira kakayera, ndiye kuti ndiwe katswiri kapena wamisala. Iwe kofiirako usakadere nkhawa."

"Chinanso?"

"Mapadi amenewa akakhala ozizira amalira."

Analiradi. Lamlungu lotsatira, ine ndi Heidrun tikupita kokadya keke, ndinaponda buleki pamphambano ya kutchalitchi. Kwiiii! Ngati nkhumba ili m'manja mwa wopha. Njiwa zinabalalika padenga.

"Chikulirachi n'chiyani?" anafunsa Heidrun.

"Chinyontho."

Anayang'ana kunja. Mvula inali isanagwe masabata awiri.

"Chinyontho," anatero. "Chabwino."

Mumtima ndinati, Ottmar, ndiwe dolo. Madzulo omwewo ndinamuuza kuti ndalowa kwaya ya abambo m'mudzi woyandikana nawo, ndipo tizikonzekera Lachiwiri lililonse ndikatseka shopu. Ine amene ngakhale nyimbo ya tsiku lobadwa amandipempha kuti ndizingoomba m'manja.

3

Mu Ring ndinkadzimva mkango. Zoona zake n'zakuti aliyense ankandipitirira, ngakhale bambo wina wa ku Holland wokhala ndi kampando ka mwana kumbuyo. Ndikamaliza ndinkagwada pambali pa tayala n'kusuzumira timizere tija. Kobiriwira kanayera mu Meyi, ndipo ndinadzigulira soseji yachiwiri pokondwerera. Kachikasu kanakana. Kofiira kankangondiyang'ana.

Lachiwiri lina mu Julayi ndinagwada ndisananyamuke, m'galaja mwathu momwe. Timizere tonse titatu tinali mbee.

Poyamba ndinanyada, kupusa kwake. Kenako ndinakumbukira kuti Lachiwiri lapitalo ndinasiya kofiira kali kofiira, ndipo chichokereni tsikulo sindinaiyendetse. Ndinawalitsa tochi pamapadi, anali atapyapyala ngati bisiketi. Nditalowa m'galimoto, mawondo anagunda chiwongolero: mpando unali utasunthidwira kutsogolo. Wina wamfupi ankayendetsa galimoto yanga, ndipo ankaiyendetsa mwaukali.

Wamfupi wokhala ndi kiyi wapadera ndinkamudziwa mmodzi: Jupp. Ndipo tsiku lomwe ine sindikhala pakhomo ndi Lachinayi, pomwe ndimakagwira kushopu yathu ina ku Koblenz.

Ndikubweza mpandowo, dzanja linakhudza kanthu pakati pa mipando. Magalasi owerengera, a felemu yobiriwira. Ndinawadziwa ndisanawatulutse n'komwe, poti ndinawapanga ndi manja angawa, mphatso ya Khrisimasi kwa Heidrun.

Zina zonse zinangobwera zokha. Mu Meyi Heidrun anameta tsitsi lake lalitali lija, n'kusiya lalifupi ngati la mnyamata. Anagula tinsapato topyapyala tofiira, iye amene moyo wake wonse amavala nsapato za kuchipatala. Ndipo Lachinayi lililonse ndikabwera ku Koblenz ndinkamupeza akuimba kukhitchini, masaya ali psuu.

"Magalasi ako obiriwira aja ali kuti?" ndinamufunsa tikudya.

"Ndiyenera kuti ndinawaiwala kwa wodwala," anatero, maso ali pambale.

M'mawa mwake ndinali kwa Jupp.

"Mapadi atha bwanji miyezi itatu yokha?"

"Mapadi amatha, Ottmar. Ndiyo ntchito yake."

"Nanga penti? Kofiira kayera."

"Ndiye wayamba kukhoza," anatero akuyang'ana pansi pa galimoto ina. Makutu ake anafiira mpaka padazi. Anandisinthira mapadiwo. Ine ndinatola padi imodzi yakutha ija n'kuiponya m'thumba la jekete.

4

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kuti ndimufunse Heidrun za penti ya pamabuleki, ndinayenera kufotokoza chomwe munthu wa kwaya amafunira penti pamabuleki. Ndikaulula tchimo lake ndaulula langa, ndipo langalo chilango chake ndinali nditauzidwa kale. Masabata atatu ndinkangozungulira m'nyumba, chakudya osachimva kukoma. Ndinkamukonda mkazi ameneyu, ndipo ndinkaopa kumutaya mbali zonse ziwiri.

Ndiye ndinaganiza zochita ukazitape. Lachinayi lina sindinapite ku Koblenz. Ndinabisala kuseri kwa mpanda wa neba uja wosapatsidwa moni, nditavala chipewa ndi magalasi akuda kuti ndisadziwike. Magalasi akudawo ndinawatenga pashelefu mothamanga, ndipo anali opanda mphamvu iliyonse. Anga enieni ndinawasiya m'shopu. Popanda iwowo ine sindisiyanitsa ng'ombe ndi basi.

Cha m'ma folo koloko kunabwera chimbuuzi chachifupi panjinga. Mawu anali a Jupp. Chimbuuzi china chinatuluka m'nyumba mwanga chikuseka, ndipo kuseka kumeneko ndikanakudziwa ngakhale pakati pa anthu chikwi.

"Wachedwa," anatero Heidrun. "Lero ndikufuna katatu."

"Katatu? Mayi iwe undipha," anayankha Jupp.

Analowa m'galaja, injini inalira, ndipo kagalimoto kanga kanatuluka ndi mitu iwiri m'kati. Pakona mabuleki anati kwiiii, ndipo ndinamva ngati akundinena ine.

5

Loweruka lachitatu la Ogasiti tinakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu tili m'banja. Maneba anakoleka nkhata ya masamba a paini pakhomo pathu monga mwa mwambo, ndipo masana tinasonkhana m'holo ya nyumba yodyera pafupi ndi msika. Anthu makumi asanu ndi limodzi. Panali wansembe, panali mwana wathu Frauke wochokera ku Köln, panali apongozi anga mayi Gertrud, a zaka makumi asanu ndi atatu, amene amamva zokhazo zomwe akufuna. Jupp anakhala ndi mkazi wake Marlies, atavala taye, nkhope yosalakwa ngati mwana wa ubatizo.

Ndinali nditatsimikiza kukhala chete. Koma ndinamwa timatambula titatu ta mowa waukali wa mapeyala, kenako Jupp anaimirira n'kugogoda tambula yake ndi supuni.

"Ine si wolankhula," anatero. "Ndingoti Heidrun ndi mkazi wosadziwa mantha. Chilimwe chino wandionetsa zinthu zomwe sindinaganize kuti ndidzaziona pa msinkhu wanga uno."

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Mutu wanga unaima. Ndinangozindikira ndaimirira, dzanja lili m'thumba. Padi ija ndinaimenyetsa patebulo pambali pa keke, fumbi lakuda n'kuwazikira pakirimu. Pambali pake ndinaika magalasi obiriwira.

"Wakuonetsa zambiri, eti?" ndinatero. "Auze anthuwa, Jupp. Auze za Lachinayi lililonse, ine ndili ku Koblenz. M'galimoto mwanga! Pa mabuleki anga! Katatu!"



"Wati chiyani?" anafunsa mayi Gertrud.

"Akuti amayi ali pachibwenzi ndi a Jupp, agogo," anatero Frauke mokweza, akundiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Ndi Jupp?" anatero apongozi. Anamuyang'ana Jupp kuyambira padazi mpaka kunsapato. "Ayi."

Poti ndinali nditayamba kale kumira, ndinaganiza zomira ngati mwamuna.

"Inde, inenso ndili ndi changa," ndinatero. "Kwaya kulibe. Lachiwiri ndimapita ku Ring. Ndaphwanya lumbiro, ndavomera."

Ndinadikira kuti anthu adzidzimuke. Palibe anadzidzimuka. Wansembe anapitiriza kutakasa khofi.

"Zimenezo ndiye nkhani?" anatero mayi Gertrud. "Mabuleki akowo amamveka mpaka kumanda, mwana iwe. Amuna anga ayenera kuti akudziwanso."

Apo Marlies ananyamuka. Ndinkayembekeza kuti amenya mwamuna wake, koma anabwera kwa ine ndi foni m'manja.

"Lero wavala magalasi ako enieni?" anandifunsa. "Ndiye taona bwino."

Chinali chithunzi cha ojambula omwe amakhala pakona ya mu Ring yotchedwa Brünnchen n'kumajambula galimoto iliyonse yodutsa. Kagalimoto kanga kabuluu kanali katapendekeka, matayala awiri ali pamphepete penipeni, momwe ine sindinakapendeketsepo. Kumpando wa wokwera kunali Jupp, manja onse awiri atakakamira chogwirira, kukamwa kuli yasa. Pachiwongolero panali munthu wovala chisoti, ndipo pansi pa chisoticho panali chibwano chomwe ndakhala ndikuchiyang'ana pakadzutsa zaka makumi awiri ndi zisanu.

"Pitiriza," anatero Marlies. "Pa zithunzi zinazo wokwerayo ndine. Jupp amasanza ukamuzungulitsa kupitirira kawiri."

6

Heidrun sanakweze mawu. Akanakweza bwenzi zili bwino.

"Ndinabadwira muno, Ottmar," anatero. "Ukuganiza kuti mwana wa ku Adenau sadziwa kulira kwa mapadi a mpikisano? Chinyontho! Lamlungu lomwe lija ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Lachinayi lake ndinapita kukamutukwana Jupp. Iye akuti mabulekiwo ndi abwino kuposa woyendetsa. Ndinati ndikufuna ndione ndekha ngati angakubweretse kunyumba wamoyo. Ndinangofuna kuzungulira kamodzi."

Anatola magalasi ake n'kuwapukuta kirimu ndi kansalu.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuthamangira amayi obereka m'mapiri muno, pa chipale chofewa, pa kagalimoto kokhala ngati bokosi la machesi. Palibe anandiuzapo kuti kuli msewu womwe sukumana ndi thirakitala pakona. Sutikesi ndinaibwezera pamwamba, chifukwa sindikanakuthamangitsa pa mlandu womwe inenso ndayamba kupalamula. Ndimati ndikuuze lero."

Anakankha ndi phazi katoni yomwe inali pansi pa tebulo, yomangidwa ndi riboni yasiliva. Palibe anandiuza kuti nditsegule, koma ndinatsegula. Munali zisoti ziwiri zofanana. China chinalembedwa dzina lake, china langa.

"Heidrun," ndinatero, "mpando unali kutsogolo, ndiye ine…"

"Ine ndi Jupp ndife ofanana msinkhu. Kiyi wina amakhala m'kabati ya kukhitchini chikwatiraneni. Magalasi anga unawapeza m'galimotomo." Anandiyang'ana m'maso. "Zonse unali nazo m'manja. Koma kwa iwe kunali kosavuta kukhulupirira kuti mkazi wako ndi wachimasomaso kusiyana ndi kukhulupirira kuti amatha kuyendetsa galimoto."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete yanga, natenga kiyi, natenganso chisoti chake. Anapsompsona mayi ake pachipumi n'kutuluka, chitseko anatseka bwinobwino. Posakhalitsa tonse tinamva mabuleki akulira pamphambano ya kutchalitchi.

Nditafika kunyumba, pamwamba pa kabati panalibe kanthu.

7

Anakakhala kwa mchemwali wake ku Mayen masabata asanu ndi awiri. Ndinalemba makalata anayi, osayankhidwa. M'shopu makasitomala anachuluka, koma osati ofuna magalasi. Mlimi wina anayesa mafelemu asanu ndi limodzi kenako n'kufunsa, nkhope ili gwa, "A Ottmar, awawa amaonetsa yemwe ali pachiwongolero?"

Ndinapita kukapepesa kwa Jupp ndi botolo. Analandira botololo, kupepesako anangokugwedezera mutu.

"Ndiuze chinthu chimodzi," ndinatero. "Amandiposa kwambiri?"

"Ukufuna bodza kapena mphindi?"

"Mphindi."

"Ziwiri zathunthu paulendo umodzi. Iwe umaponda buleki pamene waopa, ndipo umayamba kuopa kona isanaoneke. Iye amaponda pamene pafunika, kamodzi, mwamphamvu, n'kusiya."

Lachinayi loyamba la Okutobala ndinali ku Adenau, poti ku Koblenz anandiuza kuti nkhope yanga ikuthamangitsa makasitomala. Ndikuyeza maso a mayi wina, ndinamva panja: kwiiii. Mayiyo ndinawasiya akuwerenga mzere wachitatu.

Heidrun anali pachiwongolero, injini ikulira. Chisoti changa, chomwe anadzera kunyumba kukachitenga, chinali pampando wa wokwera.

"Lowa."

"Ndiye kuti wandikhululukira?"

"Ndati lowa."

Za ulendo wa mu Ring umenewo ndikumbukira zochepa. Ndikumbukira kona ikubwera, phazi langa likuponda pansi popanda buleki, iye osaponda, osapondabe, kenako lamba n'kundifinya nthiti zija zinathyoka. Ndinakuwa. Ndinaitana oyera mtima atatu. Chakumapeto ndinazindikira kuti ndikuimba nyimbo ya m'tchalitchi mokweza, ndiye musanene kuti za kwaya zija zinali bodza lokhalokha.

Titatuluka anaimika pamalo oimikapo, anthu ali piringupiringu. Anasiya m'giya osakoka buleki yamanja, monga amachitira odziwa mabuleki akatentha. Ine ndinkaiwala nthawi zonse.

"Jupp wapaka penti yatsopano m'mawa uno," anatero. "Tsika ukaone. Ndiwe wa maso."

Ndinagwada pakonkire pambali pa tayala, kutentha kukundiwomba kumaso. Timizere tonse titatu tinali mbee.

"Kofiira kayera," ndinatero.

"Wayendetsa ndani?"

"Iwe."

"Sindikumva. Mainjini akusokosera."

"Wayendetsa ndiwe, Heidrun! Ndinakulakwira, ndipo ndilibe chodzitetezera."

Poti ndinali nditagwada kale, ndinangokhala chogwada. Anyamata ena a ku England anayamba kuomba m'manja, akuganiza kuti ndikufunsira. Heidrun anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ake ali ndi misozi yomwe sanailole kugwa.

"Ndibwera Lamlungu," anatero. "Koma sutikesi sikwereranso pakabati. Izikhala pakhomo."

8

Sutikesiyo ilipobe pakhomo mpaka lero, pambali pa maambulera. Ndimaipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo nthawi zina ndimainyamula pang'ono kuti ndimve ngati ili yopanda kanthu.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga, sindikuuzani kuti musanamize akazi anu, chifukwa wina anandiuza zomwezo ndipo mwaona mmene ndinamvera. Ndingokufunsani funso lomwe limandisowetsa mtendere. Munthu amene mumadya naye tsiku ndi tsiku, kodi mukudziwa zomwe amatha? Ine ndinkadziwa mphamvu ya diso lake lililonse, lamanzere ndi lamanja, mpaka kachidutswa. Koma tsiku lomwe ndinapeza umboni wa chinthu chachikulu m'galimoto mwanga, ndinafunafuna mwamuna woti ndimupatse ulemuwo, mkazi wanga n'kumusiyira manyazi okha. Lumbiro lophwanyidwa anandikhululukira ndisanapepese n'komwe. Chinacho ndikulipirabe, ndipo n'koyenera.

Masiku ano timapita ku Ring limodzi, Lachiwiri. Ndikayendetsa ine, iye amawerenga nyuzipepala ndi magalasi obiriwira aja. Akayendetsa iye, ine ndimaimba.